Tsiku lomwe ndinagoneka kamera ya ankolo chammbali

Iiii anthuni ndiseke kaye ndisanayambe kkkkkkk. Chabwino ndatha. Ayi sindinathe kkkk.

Ine ndi Madalo, ndili fomu 3, ndimakhala ku Bangwe ndi ankolo anga a Onesimo ndi akazi awo anti Kristina. Ankolo ndi ojambula zithunzi. Ukwati, chinkhoswe, ubatizo, maliro, olo mbuzi yanu ibereke mukawaitana abwera. Ali ndi chikamera chakuda cha lenzi yaitali ngati botolo, amachipukuta ndi kansalu kake kapadera, ine ndikangoyandikira amatsokomola. Zoti kamera amaikonda kuposa ine ndinavomereza kalekale. Vuto linabwera pomwe anti nawo anadziwa nambala yawo pa mzere wa okondedwawo.

Mwezi watha anti anasankhidwa kukhala wapampando wa amayi ku tchalitchi kwathu. Tsiku lowalandira kunali misa yaikulu, amayi onse mu yunifomu, nthungululu mpaka makutu kuwawa. Wojambula, ankolo. Anajambula zithunzi 214. Titabwerera kunyumba anti anakhala pa sofa nkumaziona chimodzichimodzi pa laputopu, ine ndili pambali. Galimoto yatsopano ya bambo mfumu, zithunzi 11. Keke, 6. Galu wina amene anangolowa pa geti osaitanidwa, 3. Anti? Chimodzi. Ndipo si anti onse ayi, khutu ndi chigongono basi, kumapeto kwa chithunzi cha keke.

Anti anafunsa bwinobwino, mawu ozizira. "Bambo, nanga ine ndili pati?"

Ankolo osacheuka nkomwe, akupukuta lenzi. "Aaa inu nde ndimakuonani tsiku ndi tsiku kunyumba kuno."

Mayooo.

Mmawa mwake anti ananyamula chikwama ulendo wa kwa achemwali awo ku Machinjiri. Nambala ya ankolo anaibuloka asanafike ndi pa siteji pomwe. Patatha masabata awiri ankhoswe anaimba kuti Sande tikumane tikambe za banjali, ndipo mawu ake anali aja oti munthu ukamva umadziwa kuti sakubwera kudzamwa tiyi. Banjali likatha ine ndibwerera ku Nsanje kwa amayi, sukulu ya kuno basi yathera pompo. Komanso anti ndimawakonda, osangoti chifukwa cha sukulu, musandiweruze.

Nde Lachinayi mmawa, sukulu tinali pa holide ya pakati pa temu, ndinapeza ankolo akudya banzi louma ataimirira pa khomo, akuyang'ana mpando wa anti ngati ulankhula. Ndinawauza nzeru yanga. Anti mameseji anga satsegula, akudziwa kuti ndimachita kutumidwa. Koma sitetasi ya pa WhatsApp? Ndikangoika kanthu, olo chithunzi cha nsapato, dzina loyamba kuona ndi lawo. Mayi aja sitetasi siwadutsa.

"Mujambule vidiyo yopepesa," ndinatero. "Ndiika pa sitetasi yoti aone iwo okha."

"Ine? Kupepesa pa foni ngati mnyamata wa kabaza?"

"Sande kwangotsala masiku atatu ankolo."

Anatafuna banzi lija nthawi yaitali. Kenako akuti, "Tijambula ndi kamera. Osati kafoni kako kosweka nkhope."

Apa nde panayambira mkangano. Ndinati vidiyoyo ikhale yoimirira, yaitali kuchokera mmwamba kupita mmunsi ngati mmene timagwirira foni.

"Yoimirira chani? Vidiyo imakhala yopingasa ngati TV. Zaka twente wani ndikujambula ine, iwe usanabadwe nkomwe."

"Ankolo, yopingasa pa sitetasi muoneka kakang'ono pakati ngati nyerere, kumwamba mdima kunsi mdima. Maso a anti mukuwadziwa. Aziti Madalo waika kachilombo kanji."

"Kachilombo ndi iweyo."

Koma anavomera kkkk. Anatulutsa tiraipodi, chija cha miyendo itatu choimikapo kamera, mwendo umodzi womanga ndi mphira chifukwa unapondedwa ndi mperekezi pa ukwati wina. Pamwamba pake pali mutu wozungulira, pamutupo kambale kakang'ono, ndipo kamera imagwidwa ndi kabawuti kamodzi kokha kolowa kunsi kwake. Kamodzi. Kumbukirani chikamera chija ndi lenzi yake ya botolo. Tsono kuti chithunzi chituluke choimirira, kamerayo umaigoneka chammbali. Eya, kuti chiimirire uigoneke, ine sindinapange malamulowa. Ankolo pa tiraipodi sanaigonekepo chibadwire, maukwati awo onse ndi opingasa kuti azakhali onse akwane.

"Konza zoimirira zakozo, ine ndikavale," anatero akulowa kuchipinda.

Ndinamanga kabawuti kaja ndi mchira wa supuni mpaka dzanja kuwawa. Ndinamasula mutu, nkugoneka kamera. Imatha kugonera kumanja kapena kumanzere, ine ndinangosankha mbali yomwe inali pafupi ndi ine. Ndinamanganso. Ndinasuzumira pa kagalasi, khoma la pabalaza laimirira bwinobwino, kalendala ya parishi ili pakati. Ndinadziombera mmanja ndekha.

Kenako kuchipinda kunamveka fungo la chinthu chopserera ndi mawu oti sindingalembe pano chifukwa ankolo ndi a mu khonsolo ya tchalitchi.

Nkhani ya mathalauza ndi iyi. Chichokereni anti, ankolo anasonkhanitsa mathalauza awo onse nkuwanyika mu ndowa kuseri kuti achapa mawa. Mawa lake linali masiku naini apitawo. Ine anandiletsa kukhudza, akuti mwana wamkazi sachapa thalauza ya malume ake, nde ndinamvera ndi mtima wonse kkkk. Ndowa ija inafika poti ntchentche zimazungulira kutali. Inatsala thalauza imodzi ya maukwati, ndi imeneyo anaiwotcha ndi ayironi, bowo lake looneka ayironi yeniyeni ndi mphuno yake yomwe.

Chitseko chinatseguka. Kumwamba: shati yoyera, tayi yofiira, jekete, tsitsi lopesa ndi mafuta, bwana weniweni. Kunsi: chitenje. Osati chitenje wamba ayi. Cha yunifomu ya amayi a ku tchalitchi, cha buluu chija chokhala ndi nkhope ya Amayi Maria, chomwe anti amachipinda ndi manja awiri nkuchiika pachokha mu pulasitiki. Kumapazi masilipasi, ina yofiira ina yagirini.

"ANKOLO!!"

"Chani? Ndi chimene chinali pamwamba mu wadiropu."

"Ndi cha yunifomu chimenecho!"

"Kamera iona kuyambira pachifuwa kukwera. Zakunsi ndi za ine ndi Mulungu wanga."

Anaima pakhoma paja, ndinakonza kuti aoneke kuyambira pachifuwa. Kenako anavula magalasi kuti aoneke mmene ankaonekera pofunsira. Dziwani kuti ankolo opanda magalasi olo mutawabweretsera ng'ombe patsogolo apereka moni.

"Tsopano dina ka batani kofiirako utuluke."

"Ndituluke? Nanga kamera ayang'anira ndani?"

"Kamera ili ndi miyendo itatu, iwe uli ndi iwiri, ikuposa. Sindingapepese mwana akundiyang'ana. Tuluka, utsekenso chitseko."

Ndinadina, ndinatuluka, ndinakhala pakhonde. Ndinayesa kumvetsera koma kumangomveka ng'ung'ung'u ngati wailesi ya aneba. Patatha maminitsi atatu anakuwa kuti ndatha, nkuthawira kuchipinda.

Ndikulowa ndinapeza kamera yazolika, ikuyang'ana pansi ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga.

"Usaionere!" ankolo akukuwa kuchipinda. "Ungotumiza!"

"Chabwino ankolo!"

Ndinaionera kkkkkk. Pa laputopu, mahedifoni mmakutu.

Miniti yoyamba. Nkhope ya ankolo yadzaza bwino, yoimirira, yokongola, ntchito yanga. Akuyamba: "Mayi Kristina, mkazi wanga pamaso pa Mulungu ndi mpingo wonse. Poyamba ndithokoze mwayi umenewu." Mwayi wake uti?? Akupitiriza: "Monga mukudziwa, ntchito ya ujambuli ili ndi zovuta zake. Tsiku lija kuwala sikunali bwino kumbali yomwe munakhala." Eti kuwala. Galu uja kuwala kunali bwino. Ndiye ndikuona kalendala ikukwera pang'onopang'ono. Si kalendala ikukwera, ndi kamera ikutsika. Pang'oooono ngati uchi. Tsitsi lapita. Chipumi chapita. Maso apita. Kwatsala pakamwa pokha pakunena za kuwala.

Miniti yachiwiri. Tayi ikulankhula. Tayi ikuti banja ndi sakramenti. Kenako mimba, batani la jekete likulimbana ndi moyo. Mimba ikuti tonsefe ndife ochimwa, aliyense ali ndi mbali yake. Kenako jekete inatha, ndipo kunsi kwa sikirini kunayamba kutuluka buluu. Kenako chisoti cha nyenyezi. Kenako Amayi Maria, pang'onopang'ono, akutuluka pa ntchafu ya ankolo, maso awo ofatsa aja akuyang'ana ine ngati akuti mwanawe ukuona zomwe ndikukumana nazo kuno.

Ndinagwa pa mpando. Ndinaluma pilo ya sofa kuti ankolo asamve. Misozi mbwembwembwe.

Miniti yachitatu kamera inafika pansi nkuima. Mapazi. Silipasi yofiira, silipasi yagirini, kuseri kwake kunsi kwa tebulo mapoto atatu osatsuka omwe ankolo anabisa kuti asaoneke. Ndipo zolankhula zoloweza zija zinatha. Zii. Zala za kumapazi zikungokwerana, chachikulu chikukanda chinzake. Ndimati basi yatha. Kenako mawu ena, ang'ono, oti sindinawamvepo mnyumba muno.

"Kiri. Ndinanama. Sindimakuona tsiku ndi tsiku. Ndayamba kukuona utachoka, paliponse mnyumba muno ndikungokuona. Ndikuopa Sande. Bwera chonde."

Ndipo kadontho kanagwera pa silipasi yagirini. Ankolo mpaka lero akuti linali thukuta.

Kuseka kunandithera.

Tsopano mvetsani. WhatsApp vidiyo yaitali imaidula zidutswa, iyi inatuluka zitatu. Ndikanatha kuika choyamba chokha, cha nkhope ndi tayi, ankolo aoneke bwana. Koma anti akanangomva za kuwala zija, Sande ankhoswe akanabwera kudzangogawa mapoto. Kuwauza ankolo tibwereze? Akanamanga kamera bwinobwino nkulalikira maminitsi atatu onse, zakumapeto zija sakanazinenanso olo muwamenye. Mawu enieni anali ku mapazi, ndipo kuti ufike ku mapazi umayenera kudutsa pa chitenje.

Ndinachita chizindikiro cha mtanda. Ndinasankha dzina la anti lokha. Ndinaika zonse zitatu. Nthawi 11:40.

11:41, aona choyamba. 11:42, chachiwiri. 11:43, chachitatu. Kenako chachitatu sindingadziwe kuti anabwereza kangati chifukwa foni sinena, koma panadutsa maminitsi teni kuli zii. Akulemba. Asiya. Akulemba. Asiya. Kenako voisi noti ya masekondi anayi.

"Madalo. Chitenje chimenecho ndi changa?"

Ndinalemba, eee anti.

Aona. Osayankha.

Apa ndinaona kuti ndiulule ndisanafe ndi tchimo. Ndinawaitana ankolo, ndinawapatsa magalasi awo, ndinadina. Anaonera ataimirira. Pomwe tayi imayamba kulankhula anagwira tayi yawo. Pomwe Amayi Maria amatuluka anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Kamera unagonekera mbali iti?"

"Iyi."

Anadzuka, anagwira kamera, anaizunguza uku ndi uku, akuyang'ana kunsi. "Mbali iyi lenzi ikamalemera imamasula bawuti! Ukanagonekera mbali inayo bwenzi ikumanga yokha!"

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndangozindikira panopa!"

"Zaka twente wani ankolo."

"Fufuta! Fufuta msanga asanaone!"

"Aona kale. Zonse. Afunsa za chitenje."

Ankolo anayang'ana chitenje chomwe anali atavalabe, poti analibe china chovala. Anayang'ana ndowa kudzera pa zenera. Anayang'ana ine. "Ukapita ku Nsanje," akuti, "unditengeko."

Kuchokera ku Machinjiri kufika ku Bangwe ndi maminibasi awiri, kusinthira mu Limbe, ndipo mukudziwa minibasi sinyamuka isanadzaze. Anti anafika isanakwane hafu wani. Ndikuganiza kuti kondakitala anangowaona nkhope nkuuza dalaivala tiyeni. Analibe chikwama chachikulu chija, kahandibagi kokha kukhwapa. Anaima pakhomo. Aneba a pa poloti pathu mwadzidzidzi aliyense anapeza chosesa panja.

"Takulandirani mayi," ankolo akutero, manja akusisita jekete.

"Vulani."

"Pepani?"

"Vulani chitenje cha Amayi Maria."

"Mayi, pano? Mkatimu ndangovala ka..."

"Sindinafunse zamkati. Madalo, apatse thaulo."

Ndinathamanga nalo. Anasinthira kuseri kwa chitseko, mutu uli panja ukumwetulira aneba. Anatuluka atanyamula chitenje ndi manja awiri ngati mphatso ya pa guwa. Anti sanachilandire. Anachinunkhiza patali.

"Ine ndinalumbira nacho ichi pamaso pa mpingo. Inu mwakulungamo chani?"

"Mathalauza anali..."

"Ndaimva ndowa yanu ndili pa msewu. Sopo ali pati? Kachapeni chitenjechi. Chikauma ndikupita, ine ndabwerera chitenje changa basi."

Anthuni. Ankolo anga, a mu khonsolo, jekete, tayi, thaulo la maluwa, atagwada pa mpopi wa poloti yonse akuchapa. Anti atakhala pa mpando pansi pa mpapaya, mwendo pa unzake, akulamula.

"Osafikisa pa nkhope! Pa nkhope muzingosisita!"

"Chabwino mayi."

"Mukupotokola khosi la ndani pamenepo?"

"Pepani mayi."

"Musapepese ine, pepesani eni ake."

Ankolo anayang'ana chitenje nkunena chapansipansi kuti pepani Amayi. Mayi wina wa nyumba yachitatu anataya tsache nkuthawira mkati, tinangomva akulira ndi kuseka.

Atayanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, ankolo anabwera nkuima pafupi ndi mpapaya, manja kumbuyo.

"Munaonera mpaka kumapeto?"

"Ndinaona zikhadabo. Mukufuna kulima nazo?"

"Koma mawu aja..."

"Foni inalibe voliyumu."

Bodza. Maso a anti anali ofiira ngati asenda anyezi thumba lonse. Ndinatsegula pakamwa, anandiyang'ana kamodzi, ndinatseka.

Tsono uno ndi Okutobala. Dzuwa la ku Bangwe chitenje limaumitsa usanamalize kuyanika. Pofika 3 koloko chinali chikuuluka kale ndi mphepo, chopepuka. Ankolo anandikokera kukhitchini, nkundipatsa kapu ya madzi, maso ali pa zenera.

"Pita kuseri."

"Ankolo ndi tchimo limeneli."

"Ndikaulula ndine. Pita."

Ndinakachiwaza madzi chitenje chija. Cha mma 4 anti anapita kukagwira, anabwerera akuti sichinaume. Ndinakawazanso. Cha mma 5 anagwiranso, akuti nsalu za masiku ano nzokhuthala. Anagona kuchipinda kwanga, pa bedi langa, ine pa mphasa, ndipo ankolo analamulidwa kuti ndowa ija ikhale itatha asanagone aliyense. Ankolo sanadandaule olo kamodzi, amachapa akuimba nyimbo ya pa Pasaka.

Mmawa ndikudzuka bedi lili lokha. Ndinatuluka mothamanga, ndinakumana ndi ankolo pa khomo la khitchini, avala thalauza yonyowa, kapu ili kale mmanja.

"Handibagi ilipo," akunong'ona. "Ali kubafa kaya. Fulumira, usiku wonse chauma chimenecho."

Ndinazemba ndi khoma, kapu mmanja, madzi akutayikira. Ndikukhota kuseri ndinaima.

Anti ali pa chingwe ndi ketulo. Akuthira chitenje kuyambira ngodya iyi mpaka iyo, bwinobwino osafulumira, pofika pa nkhope akulambalala. Madzi akuchucha mpaka pansi pachita matope.

Anacheuka. Ine kapu, iwo ketulo. Tinayang'anana.

"Ukuyang'ana chani? Ndikuthirira tomato."

"Anti tomato ali uko."

"Madzi apita okha, ndi otsetsereka pano." Anamaliza ngodya yotsala, anakutumula ketulo mpaka dontho lomaliza. "Ukawauze ankolo ako aimbire ankhoswe. Sande sizitheka. Nyengo ino zovala sizikuuma."

Ndinayang'ana kumwamba. Mtambo olo umodzi, 6 koloko koma dzuwa likuwotcha kale pakhosi.

"Zoona anti, chinyezi," ndinatero. Madzi a mu kapu ndinangomwa kkkkkk